Nyale Yowalitsa Mapazi Okha

Kwathu ku Chidzolomondo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana nkhope. Ana a masiku ano ndikawauza amaseka, amati zinali zopusa, ine ndimangowayang'ana. Amayi anga akaona amuna anga akubwera m'njira, ankapatukira mu udzu n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Amuna anganso akawaonera patali ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Sankadyera pamodzi, sankakhudzana, ndipo mawu awo onse ankadzera mwa ine. Amayi akafuna kuthokoza chifukwa cha mchere, ankayang'ana ine n'kunena kuti, "Uwauze kuti zikomo," amuna anga ali pomwepo, akumva ndi makutu awo. Sichinali chidani ayi. Anthu awiriwa ankalemekezana kwambiri, ndipo kumudzi ulemu umenewu sunkavuta chifukwa malo analipo. Nyumba yathu inali kwina, ya amayi kwina, pakati pali khola ndi mitengo ya mapichesi.

Unalipo mwambo wowamasula. Ana akabadwa, akuluakulu ankakhala pansi, mkamwini n'kupereka kanthu, apongozi n'kubwezera nkhuku, kuyambira pamenepo n'kumalankhulana. Koma mwambowo unkafuna ankhoswe, ndipo ankhoswe anga anali amalume, amene nkhondo itangoyandikira anathawira ku Malawi osatsanzika munthu. Popanda iwo, amayi sakanalola ngakhale kuyesa.

Amuna anga anali mphunzitsi, kwawo ku Tsangano. Boma litawatumiza ku shikola ya ku Furancungo, ananditenga pamodzi ndi mwana wathu woyamba, amene anali akadali wakumsana. Nyumba za aphunzitsi tinazipeza zodzaza, ndiye anatipatsa kachipinda kuseri kwa kantina, sitolo imene Mpwitikizi wina anaisiya pothawa. Kale ankasungiramo matumba a nyemba, ndipo fungo lake linali lisanathe. Ukayala mphasa ziwiri, malo otsala anali a mtsuko, dengu la mbale ndi bokosi la mabuku basi. Khomo linali limodzi. Zenera linali m'mwamba, laling'ono moti mphaka yekha ndiye akanatulukirapo. Ine sindinadandaule, ndinkanyada kumene, chifukwa pakati pa denga pankalendewera lampada, babu la magetsi, ndipo kumudzi kwathu kunalibe amene anagonapo m'nyumba ya magetsi.

Magetsiwo ankachokera ku injini ya boma, imene inkalira kukangoda n'kuleka anthu akatha kudya, masiku okhawo amene mafuta analipo. Lampada yathu inalibe poyatsira kapena pozimitsira. Injini ikalira inkayaka, ikaleka inkazima, ife tilibe chonena. Parafini anali atasowa kalekale, moti koloboyi wathu ndinkasungiramo singano.

Amayi anafika m'mawa wina wa nyengo yozizira, chimanga chitauma m'minda koma chisanakololedwe. Anali ndi mng'ono wawo, amene ine ndinkawatchula kuti mayi aang'ono, ndi anthu ena a m'mudzi mwathu. Anthu a m'tchire anali atalowa m'mudzi, kutentha nyumba, kutenga ng'ombe ndi anyamata. Amene anapulumuka anayenda m'thengo mpaka ku vila, katauni kamene tinkakhalako. Bambo anga anamwalira nkhondo isanafike, choncho amayi analibe wina wowayang'anira koma ine. Mapazi awo anali atang'ambika, ndipo ankatsokomola chifuwa chimene sindinachikonde. Othawa nkhondo onse anawaika m'chigafa chachikulu cha fodya kumapeto kwa vila, chopanda makoma, mphepo ikulowa mbali zonse. Mayi aang'ono anayala nsalu yawo momwemo. Koma amuna anga atamva za chifuwacho anandiuza kuti ndikawatenge amayi, ndipo ndinakawagwira dzanja n'kuyamba kuwakoka.

"Nyumba ya akamwini ili ndi zipinda zingati?" anandifunsa tili m'njira.

"Chimodzi."

Anaima. "Ndiye ukunditengera kuti iwe?"

"Kumene simukafa ndi chifuwa. Tiyeni."

Ndinamanga chingwe kuchokera khoma lina kufika khoma lina n'kupachikapo makapulana anga awiri, nsalu zanga zovala. Amayi tinawapatsa mbali ya mkati. Ife tinatsala mbali ya kukhomo, chifukwa amuna anga anati zinthu zikavuta mwamuna ayenera kukhala pafupi ndi chitseko. Zinali zomveka, koma zinatanthauza kuti amayi sakanatuluka popanda kudutsa pa mphasa yathu.

Masana zinkatheka. Amuna anga ankalawira ku shikola, amayi n'kutsala ndi mdzukulu wawo. Vuto linkayamba dzuwa likalowa, chifukwa asilikali ankafuna kuti kukangoda aliyense akhale m'nyumba, chitseko chotseka, zenera lophimba ndi chiguduli. Ndiye injini inkalira, lampada ya padenga n'kuyaka, ndipo inkawalitsa mbali zonse ziwiri mopanda manyazi. Makapulana anga anali aafupi. Munthu akaimirira mutu unkaonekera pamwamba. Amayi ankafunda nsalu kumutu n'kukhala chete, kuyang'ana kukhoma, chakudya chikuzizira patsogolo pawo. Amuna anga ankakhala chowerama pa bokosi la mabuku, akuopa ngakhale kutsokomola. Ine ndili pakati, mwana akulira, ndikunyamula mawu kuchoka mbali ina kupita mbali ina ngati kuti pali mtsinje, pamene panali nsalu yopyapyala.

Amuna anga anaganiza zochotsa lampadayo. Anakwera pa bokosi n'kuipotokola, ndipo madzulo amenewo tinakhala mumdima, tonse tikupumako. Koma titangodya, amayi anafuna kupita kuchimbudzi. Anadzuka mwakachetechete kuti asavutitse munthu, anadutsa pansi pa chingwe akufufuza khoma ndi dzanja, ndipo anaponda phazi la amuna anga. Podzandira, anagwira phewa lawo kuti asagwe. Palibe amene anakuwa. Ndinangomva amayi akupuma mokoka, kenako chitseko chikutseguka. Atabwerako anaima panja nthawi yaitali pamphepo, mpaka ndinachita kukawalowetsa, amuna anga atadzipanikiza pakona.

M'mawa mwake, amuna anga atapita, amayi anandiuza kuti akubwerera kumudzi.

Anati m'chigafa muja njala yavuta, ndipo amayi ena agwirizana zopita kukakolola chimanga chawo, kubisala m'thengo masana, kunyamula chimene angathe. Amene ankatsogolera anali mayi aang'ono. Ankangodikira bambo wina wodziwa njira zachidule, ndipo ulendo unali wa Lolemba. Asilikali anali atanena poyera kuti njira ya ku Chidzolomondo si yoyenda, ndipo amene apite asayembekeze kuti wina akamufuna.

"Ndikakolola ndikatsala komweko," anatero amayi. "Ndikamanga kachisakasa m'munda."

"Mukafa!"

"Kufa n'kufa. Kuno ndiye ndili moyo?"

Ine mtima wanga suchedwa kupsa, ndinatengera bambo anga. Ndinawakalipira amayi tsiku limenelo. Ndinawauza kuti anthu akuphedwa m'misewu iwo akulira phazi, kuti phazi la mwamuna wanga silinathyoke ndipo phewa lake lili bwinobwino, kuti mwambo wopanda ankhoswe ndi mwambo wa mphepo. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati, "Iwe unabadwa dzulo. Munthu amene uja anakutenga mwaulemu, ine ndamugwira ngati mwana wanga wa m'mimba. Ndikakhala muno ndidzachitanso china choposa apa." Pamenepo ndinazindikira kuti chimanga chinali chonamizira chabe. Chimene chinkawathamangitsa chinali manyazi, ndipo ndinachita mantha chifukwa manyazi a amayi anga ndinkawadziwa kuti sagonja.

Amuna anga nditawauza, anati iwo akhoza kumakagona ku shikola. Ndinakana. Shikola inali kunja kwa vila, ndipo aliyense ankadziwa kuti anthu a m'tchire akalowa pamalo, oyamba kuwafuna ndi aphunzitsi. Amayinso atamva anakana kuposa ine, anati mwamuna sangachoke m'nyumba yake chifukwa cha apongozi, anthu angati chiyani. Kenako amuna anga anati, "Kuwala kwawavuta, mdima wawavuta. Ndiye tipeze nyale imene tingailamule."

Munthu amene ankayendetsa injini ya boma anali ndi kanyumba kodzaza ndi zinthu zimene anazula m'nyumba za Apwitikizi zitasiyidwa. Tinapita kumeneko masana, mwana ali kumsana. Anatilandira manja ali mafuta okhaokha.

"Senyoro pulofesolo! Mukufuna chiyani, ndili nazo zonse."

Amuna anga anafotokoza kuti akufuna nyale ya pakhoma, yokhala ndi pozimitsira pake. Za apongozi sanatchule, nkhani zotero sizinkatuluka m'nyumba. Bamboyo anatulutsa bokosi n'kuyala nyale pansi. Zonse zinali za kaunyolo kolendewera, kamene ukakoka kamodzi nyale imayaka, ukakokanso imazima. Ina inali ya khosi lalitali la mkuwa. Imeneyo ndinaikana nthawi yomweyo, chifukwa m'kachipinda kathu ikanatuluka mpaka pakati, ndipo wina akanagundapo mutu. Ina inali ndi galasi loyera, lofufuma, lokongola kwabasi. Yomaliza inali yonyansa, ya chipewa cha chitsulo chopindika, utoto utasupuka, kaunyolo kake kakafupi.

"Iyi nada, ndi yachabe," anatero bamboyo, akuikankha ndi phazi yachitsuloyo. "Inali ya pa masitepe, imangoona pansi. Tengani ya galasiyi. Inali m'chipinda cha patarawu, bwana weniweni, imawala mpaka nsabwe mumaiona."

Amuna anga anasankha ya galasi. Anandinong'oneza kuti apongozi sungawaikire chinthu cha kudzala, ayenera chabwino. Inenso maso anga anali pa yomweyo, ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene akazi a aphunzitsi anzathu adzaionere. Bamboyo anabwera tsiku lomwelo, anakoka nthambo kuchokera padenga n'kukhomerera nyaleyo pakhoma la mbali yathu, pafupi ndi chitseko, pamsinkhu wa mapewa. Maganizo athu anali akuti kuwala kutsale kwathu, mbali ya amayi kukhale kachisisira, ndipo akafuna kutuluka anene, tiyatse, amuna anga afulatire.

Madzulo injini inalira. Amuna anga anakoka kaunyolo, nyale inayaka, ndipo kachipinda kanaoneka ngati ka anthu. Tinadya bwino. Ndinamva ngakhale supuni ya amayi ikugunda mbale kuseri kwa nsalu, ndipo ndinati zatheka. Atatha kudya amuna anga anaimirira n'kuvula malaya kuti ndiwasokere batani. Supuni ija inaleka kulira. Ndinalowa mbali ya amayi kukatenga mbale, ndipo nditacheuka ndinaona chimene iwo anaona. Chithunzithunzi cha amuna anga chinali pa kapulana, chachikulu kuposa mwini wake, mapewa, mikono, mimba, zonse zooneka bwinobwino, chikukanda m'khwapa. Nyale ija inali kumbuyo kwawo, ndipo nsalu yanga inasanduka poonetsera thupi la mkamwini. Amayi anali atatembenukira kukhoma, manja ali kumaso.

Ndinathamanga kukakoka kaunyolo. Amuna anga anadabwa, anafunsa chimene chachitika, ine ndinangowaponyera malaya awo. Kutacha ndinapeza amayi atamanga kale kamtolo kawo, kali kumutu kwa mphasa.

Linali Lachisanu. Amayi atapita kuchigafa kukaona mng'ono wawo, ine ndi amuna anga tinakhala pansi n'kuganiza bwino, zimene tikanayamba nazo tisanapite kukasankha. Tinafunsana kuti kwenikweni munthu afunika kuona chiyani m'chipinda chino. Nkhope ayi. Thupi ayi. Chofunika chinali kuona poponda: pamene pali mwana, pamene pali mtsuko, pamene pali phazi la munthu. Kuwala kukhale pansi, kusakwere. Kusachokere kumbuyo kwa munthu aliyense, kuti pa nsalu pasagwe chithunzithunzi. Ndipo wozimitsa akhale amayi eni ake, osadzuka pamphasa, osapempha munthu, chifukwa kupempha kunkafuna kudzera mwa ine, ndipo pofika mawu kwa amuna anga zoipa zinkakhala zitaoneka kale.

Tinabwerera kwa bambo wa injini ndi nyale ya patarawu m'manja. Anaseka mpaka kugwira m'mimba atamva kuti tikufuna ya pa masitepe. Anati aphunzitsi kuwerenga kwawasokoneza mutu. Amuna anga anangonyamula yachitsuloyo. Anaikhomerera okha Loweruka, pamsinkhu wa chiuno, pamalo enieni pamene kapulana ankakumana ndi khoma, kuti theka la kuwala ligwere kwathu, theka kwa amayi. Chipewa chake anachipinda pang'ono ndi mwala kuti chitsekereze m'mbali. Kaunyolo kanali kakafupi, ndiye ine ndinapota kachingwe ka khonje n'kulumikiza, kumapeto kwake n'kumangirira chitsononkho kuti dzanja lizichipeza msanga. Chitsononkhocho tinachigwetsera mbali ya amayi, pafupi ndi pamene ankatsamira mutu.

Koma madzulo a Loweruka injini sinalire. Lamulungu chimodzimodzi. Koluna, magalimoto aja ankabwera ndi katundu kuchokera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali, inali itachedwa, ndipo mafuta otsala anawasungira chipatala. Ndinkangowaonetsa amayi nyale yozima. Ndinawagwiritsa chitsononkho, ndinawauza akoke, anakoka, chinalira kuti kete. Ndinawafotokozera kuti ikadzayaka adzangoona mapazi basi, kuti chithunzithunzi sichidzabweranso, kuti mdima ndi kuwala zili m'manja mwawo.

"Uwauze kuti zikomo, avutika," anatero. "Koma ndinaona kale. Ndi phazi ndinaponda kale." Kamtolo kaja sanakamasule.

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Ndinadzuka maso atatupa. Ndinali nditapempha, kukalipa, kulira, kuwaikira mdzukulu pamiyendo, zonse osaphula kanthu. Amayi anamanga nsalu m'chiuno, anasenza kamtolo n'kukweza kapulana kuti adutse. Nthawi imeneyo amuna anga ankakhala atapita kale ku shikola, ankachita dala kulawira kuti amayi atuluke momasuka. Tsiku limenelo sanapite. Anali atatsegula chitseko n'kukhala pansi pakhomo penipeni, chofulatira, nkhope ili panja, msana atatsamira mphuthu ina, miyendo atatambasula mpaka mphuthu inayo. Anali atavala malaya awo a ku ntchito, mabatani onse otseka mpaka m'khosi.

Amayi anabweza kapulana msangamsanga. Ndinamva akupuma kuseri.

"Uwauze kuti ndikufuna kudutsa."

Ndinayang'ana amuna anga. "Akuti akufuna kudutsa."

"Uwauze kuti ndamva," anatero amuna anga. Sanasunthe.

Tinadikira. Ine poyamba sindinamvetse, ndinkaganiza kuti akumanga nsapato kapena adwala. Kenako zinandilowa. Khomo linali limodzi. Kuti amayi atuluke, anayenera kudumpha miyendo ya mkamwini wawo kapena kuwakankha ndi dzanja. Kudumpha miyendo ya munthu wamba ndi chipongwe kale. Ya mkamwini, amayi anga akanalola kufa.

"Uwauze kuti anzanga akundidikira."

"Uwauze kuti ndikudziwa."

"Uwafunse ngati ku shikola kulibe ana lero."

"Uwauze kuti ana adikira."

Amuna anga anali munthu wofatsa, woti nkhuku ikalowa m'nyumba ankaipempha kuti ituluke, ndipo chimene ankachitachi chinali chipongwe chachikulu kwa munthu amene ankamulemekeza kuposa wina aliyense. Khosi lawo linali thukuta lokhalokha m'mphepo yozizira ija.

Patapita nthawi mayi aang'ono anabwera kudzawatenga amayi. Nawonso anali apongozi, choncho ataona amene wakhala pakhomo anazungulira kuseri n'kuima pansi pa kazenera kaja.

"Akulu! Dzuwa likutisiya!"

"Anditsekera!" anakuwa amayi, mawu ali ndi misozi. "Akhala pakhomo!"

Kunja mayi aang'ono anaseka. Anali munthu wa nthabwala, wonenepa, woyenda motsimphina chifukwa cha bondo limene linkawavuta kuyambira kale. "Ndiye mwapeza akamwini olimba, akulu. Tsalani, musamale chifuwacho. Ndikakuthyolerani dengu limodzi m'munda mwanu, koma la nyemba ndikadya ndekha." Anandiitana ine n'kundiuza kuti ndiwaphikire amayi phala la mchere. Ndinamva mapazi awo akupita, lina lolemera, lina lopepuka.

Amayi anakhala pansi n'kulira mokweza ngati pamaliro. Anandinena ine, anati ndagwirizana ndi mwamuna wanga kuwachititsa manyazi pamaso pa mng'ono wawo. Anati uwauze kuti sindinaone mwano wotere chibadwire. Mawu amenewo sindinawapereke, ndipo panalibe chifukwa, amuna anga anawamva okha. Anakhalabe pomwepo mpaka nkhungu inatha, dzuwa linafika pamutu, mpaka mwana wa oyandikana nawo anabwera kudzanena kuti amayi a m'chigafa anapita kalekale, awoloka kale dambo. Pamenepo anadzuka movutika, miyendo itachita dzanzi, n'kupita ku shikola osacheuka.

Amayi sanadye tsiku limenelo, ndipo kwa masiku angapo sanatumize mawu alionse kwa amuna anga, ngakhale moni. Ine ndinali wokondwa ndipo sindinabise. Ankatha kukwiya mmene angafunire, bola akukwiyira pamphasa yanga.

Koluna inafika pakati pa sabata, ndipo madzulo ake injini inalira. Tinakhala mumdima, ine ndikuyamwitsa, mpaka ndinamva kuti kete. Kuwala kunagwa pansi, kofiirira, kukuyenda pa simenti mbali zonse ziwiri za nsalu. Ndinaona mtsuko, mphepete mwa mphasa, mapazi a amuna anga. Kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba munali mdima. Pa kapulana panalibe kanthu. Kete, kunada. Kete, kunawala. Amayi anayesa kangapo, kenako anaisiya yoyaka, ndipo ndinamva akukoka mbale yawo. Atatha kudya anadzuka, anadutsa pansi pa chingwe, analambalala mapazi a amuna anga bwinobwino n'kutuluka. Nyale yonyansa ija inagwira ntchito yake, ndipo ndinalakalaka mayi aang'ono abwere msanga adzaione, adzatiseke.

Amayi opita kukakolola aja anayenera kubwerera sabata isanathe. Sabata inatha, ina inayamba. Amayi ankapita kuchigafa m'mawa uliwonse n'kukaima kumapeto kwake, kuyang'ana kudambo. Chifuwa chawo chinali chitayamba kupepuka.

Anabwera masana ena, ochepa kuposa amene anapita, opanda dengu ngakhale limodzi. Ine ndinali kumjigo, ndinangomva kulira kukuchokera kuchigafa n'kusiya ndowa pomwepo. Mayi wina wa m'mudzi mwathu, milomo itauma, ndiye anatifotokozera. Anati anakolola bwino, ndipo pobwerera, atasenza, anakumana ndi anthu a m'tchire pamtsinje. Anawalanda chimanga n'kuwauza kuti achisenze okha kupita nacho kumisasa yawo kumapiri. Anayenda osapuma. Mayi aang'ono bondo linawakanika pokwera phiri, anakhala pansi n'kunena kuti apumeko pang'ono. Anthu aja anauza enawo kuti apitirize, asacheuke. Mayiyo anati sanacheuke, koma anamva.

Mtembo panalibe, ndiye maliro tinalira opanda manda. Amayi sanakuwe ngati tsiku lija. Anakhala pakati pa amayi anzawo m'chigafa, maso ali gwa, ndipo dzuwa litapendeka ndinawadzutsa n'kupita nawo kunyumba asilikali asanayambe kuthamangitsa anthu. Anayenda okha, sindinawakoke.

Amuna anga anali atamva kale ku shikola. Tinawapeza atakhala pa bokosi la mabuku, ndipo atamva mapazi athu anafulatira kuti amayi adutse. Chakudya sindinaphike, panalibe amene akanadya. Injini italira amayi anakoka chingwe chawo, nyale inayaka, ndipo tinakhala choncho, aliyense mbali yake. Pansi pa kapulana ndinkaona mapazi a amayi, zipsera za ulendo uja zisanapole bwino. Ndinkaganiza kuti ngati amuna anga akanadzuka pakhomo paja, lero ndikanalira anthu awiri, ndipo ndinkafuna kuti wina anene zimenezi, koma ndinadziwa kuti si tsiku lake.

Kenako mapazi a amayi anasuntha, anatembenukira mbali yathu. Ndinakonzeka kulandira mawu kuti ndiwapereke. Koma sanati uwauze.

"Bambo," anatero.

Amuna anga anadzidzimuka, anayang'ana ine. Ine ndinapukusa mutu, sankaitana ine. Chikwatirane chathu, aka kanali koyamba amayi kulankhula nawo okha, popanda nkhoswe, popanda nkhuku. Amuna anga anatsika pa bokosi n'kugwada pa simenti, manja ali pamodzi.

"Wawa, amayi."

"Munadziwa kuti kuli imfa."

"Ndinkaopa, amayi."

Mwana anatembenuka m'tulo. Amayi atalankhulanso, mawu awo anali otsika, opanda mkwiyo, ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Nanga mng'ono wanga, bwanji simunamukhalire pakhomo?"

Chigafa chinalibe khomo, ndipo amayi ankadziwa zimenezo. Amuna anga anakhalabe chogwada, ndipo ndinaona madontho akugwera pa simenti pafupi ndi mawondo awo.